Mphunzitsi wa Chingerezi wofuna ntchito kunja: mapepala amakodwa pati?

Chaka ndi chaka Chipata College of Education ndi makoleji ena amatulutsa aphunzitsi ambiri kuposa amene boma lingalembe ntchito. M'chaka cha 2022 boma linalemba aphunzitsi opitirira 30,000 nthawi imodzi, koma mzere sunathe. N'chifukwa chake uthenga wa pa WhatsApp wakuti kunja akufuna aphunzitsi a Chingerezi, tumizani ya fomu, umapeza anthu okonzeka kale kukhulupirira. Ena akatumiza ndalama, nambala ija imazimiratu. Ena amafika pa ofesi ya kazembe n'kubwezedwa chifukwa cha chidindo chimodzi.

Funso loyamba n'lakuti dziko limene mukufuna kupitalo limalola pasipoti ya Zambia pa ntchitoyi kapena ayi. South Korea, mwachitsanzo, imatenga aphunzitsi a Chingerezi makamaka m'maiko asanu ndi awiri, ndipo mu Africa muno ndi South Africa yokha imene ili pamndandandawo. Kuti munaphunzira m'Chingerezi mpaka Grade 12 sikusintha lamulo lawo. Wokulonjezani malo kumeneko afotokoze kaye kuti adutsa njira iti.

Kwathu kuno ntchito imayambira ku Teaching Council of Zambia, bungwe lokhazikitsidwa ndi lamulo la 2013. Kulembetsa dzina ndi chinthu china, laisensi yophunzitsira ndi chinanso, ndipo laisensiyo imatha. Mabungwe a aphunzitsi akunja, monga SACE ya ku South Africa, amafuna umboni wakuti kwanu ndinu mphunzitsi wovomerezeka wopanda mlandu. Satifiketi ya Grade 12 imatsimikizidwa ndi Examinations Council of Zambia, dipuloma kapena digiri ndi Zambia Qualifications Authority, ZAQA.

Pa ZAQA ndi pamene ambiri amakhala pansi. Fomu mumadzaza pa intaneti, ndalama mumalipira, kenako bungweli limafunsa koleji yanu ngati munaphunziradi kumeneko. Koleji ikapanda kuyankha, fayilo yanu imangogona, ndipo mukafunsa mumauzidwa kuti dikirani. Ngati munasiya ngongole ya fizi, dziwani kuti yankholo lingachedwe dala. Pitani nokha ku ofesi ya zolembera ya koleji, mufunse ngati pempho lafika ndiponso ali nalo ndani. Kuimba foni sikusuntha pepala. N'zomvetsa chisoni kuti mabungwe awiri amene angathe kulankhulana okha amadikira kuti mwana wa mlimi wa ku Chadiza akwere basi kukawalumikiza.

Msampha wina ndi dzina. Pa reji muli Tembo Misozi Grace, pa satifiketi Grace M. Tembo, pa pasipoti chilembo chimodzi chasintha. Kunyumba palibe amene amadabwa, koma kalaliki wa kazembe amaona anthu atatu. Lumbirani kalata kwa Commissioner for Oaths musanayambe china chilichonse, chifukwa kukonza dzina pamapeto n'kuyambiranso zidindo zonse.

Zambia sinalowe m'pangano la Hague la 1961, limene limalola chidindo chimodzi chotchedwa apostille kugwira ntchito m'maiko ambiri. Malawi ali m'panganolo, ife ayi. Choncho pepala lanu limayenera kudindidwa ku unduna woona za ubale ndi maiko akunja, kenako ku ofesi ya kazembe wa dziko limene mukupita. Undunawu ndi maofesi ambiri a akazembe ali ku Lusaka, makilomita oposa 550 kuchokera ku Chipata pa Great East Road. Pa chikwangwani amalemba mtengo wa chidindo wokha. Salemba ya basi, ya malo ogona, ya fotokope, kapena ya tsiku lowonjezera pamene osayina atuluka kupita kumsonkhano.

Kalata ya polisi yosonyeza kuti mulibe mlandu musathamangire. Maiko ambiri amaikana ikapitirira miyezi ingapo, ndipo amene amaitenga koyambirira imamuthera m'manja akudikira ZAQA. Dindani zala za kalatayi pamene zina zonse zayandikira kutha. Satifiketi ya TEFL, yophunzitsira Chingerezi kwa amene si chilankhulo chawo, ya maola 120 imathandiza pa sukulu zambiri za ku Asia, koma siilowa m'malo mwa digiri pamene lamulo la viza likufuna digiri.

Ejenti wopezera anthu ntchito amayenera kukhala ndi chilolezo cha Labour Commissioner, malinga ndi Employment Code Act ya 2019. Pemphani kuchiona, ndipo kafunseni ku ofesi ya Labour mu Chipata. Kontrakiti inene malipiro m'ndalama ya dzikolo, nyumba alipira ndani, tikiti yobwerera ndi ya ndani, ndiponso ngati miyezi ya holide imalipidwa. Kumbukiraninso kuti mwezi woyamba mumadya za m'thumba mwanu.

Ngakhale sukulu ili pafupi, ku Lilongwe kudzera pa Mwami kapena ku Tete kudzera pa Chanida, chidindo cha pa boda ndi cha mlendo, si cha wantchito. Mwini sukulu akati bwerani kaye, pemiti tikonza mukafika, mukaneni. Akuluakulu a Immigration akalowa m'kalasi, wogwidwa n'kubwezedwa ndinu, ndipo malipiro amene sanakupatseni mulibe pokawadandaulira popanda kudziulula kuti munkagwira ntchito mobisa.