KUSUNTHA NDI KUTEMBENUZA: NZERU YA JOMBO ZIWIRI

Madzulo ano tengani pensulo ndi pepala la timabokosi la m'buku la masamu la mwana wanu, pakuti tifuna kuphunzira kusiyanitsa cinthu cosunthidwa ndi cinthu cotembenuzidwa.

Poyamba lembani mizere iwiri yopingasana, wina wogona, wina woimirira. Pamene ikomanapo ndi pa 0. Malo ali onse pa pepalapo adziwika ndi manambala awiri: nambala yoyamba iwerenga timabokosi topita kumanja, yaciwiri topita kumwamba. Tikapita kumanzere kapena kunsi tiika kamzere patsogolo pa nambala, motere: -3. Njira imeneyi ichedwa ndi dzina la René Descartes, munthu wa ku France, amene anasindikiza buku lace la masamu m'caka ca 1637.

Tsopano lembani cinthu ca ngondya zitatu: A pa (1, 1), B pa (4, 1), C pa (1, 3). Cikankheni timabokosi 5 kumanja ndi 2 kumwamba, osacizunguza. A afika pa (6, 3), B pa (9, 3), C pa (6, 5). Taonani kuti ngondya zonse zayenda ulendo wofanana, monga mawilo a ngolo pa njanji yowongoka. Kumeneko ndiko kusuntha.

Bwererani pamene tinayambira, nimuimike kalirole pa mzere woimirira uja. M'kalirolemo A aoneka pa (-1, 1), B pa (-4, 1), C pa (-1, 3). Nambala yaciwiri siinasinthe, koma yoyamba yalandira kamzere. Ulendo wa ngondya sulinganso: A wayenda timabokosi 2, koma B, amene anali kutali ndi kalirole, wayenda 8. Kumeneko ndiko kutembenuza. Kalirole akakhala pa mzere wogona, nambala yaciwiri ndiyo ilandira kamzere.

Ngati mukayikabe, yendetsani cala kucokera pa A, kupita pa B, kufika pa C. Pa cinthu coyamba ndi pa cosunthidwa cala cizungulira mosemphana ndi mivi ya wochi. Pa cotembenuzidwa cizungulira pamodzi ndi miviyo.

Kapena wina afunsa, nanga zimenezi zitithandiza ciani ife anthu a nchito? Yang'anani jombo zanu. Ya kumanja ndi ya kumanzere zilingana kukula, koma ngakhale mukankhe ya kumanzere tsiku lonse, siidzasanduka ya kumanja, cifukwa ina ndi cithunzi ca inzace ca m'kalirole. Telala adziwa ici bwino. Iye apinda nsaru pawiri asanadule manja a malaya, kuti dzanja lina lituruke lotembenuzika. Akangosuntha cipepala cace coyesera pa nsaru yosapinda, adzadula manja awiri a mbali imodzi, ndipo nsaru yogula ndi ndarama za mwini yaonongeka. Comweconso mmisiri wodula malata kapena matabwa a mbali ziwiri za cinthu ayenera kudzifunsa asanagwire cida: kodi pano ndisunthe kapena nditembenuze?

Nayi nchito yoti mucite ndi ana anu. Cinthu cathu cija capezeka ndi A pa (1, -1), B pa (4, -1), C pa (1, -3). Kodi casunthidwa kapena catembenuzidwa? Werengani ulendo wa ngondya iri yonse musanayankhe. Gonani bwino nonse.