Nkhwazi za ku America zimene anthu amadzukira m'mamawa kukazijambula

M'mwezi wa Novembala, pamene alimi a ku Angónia, Milange ndi Mandimba akuyang'ana kumwamba kudikira mvula yobzalira, kum'mawa kwa dziko la United States kumakhala kukuyamba chisanu. Pa nthawi imeneyi anthu ambirimbiri amadzuka kusanache, kuvala zovala zochindikala, ndi kupita pa damu la Conowingo m'chigawo cha Maryland. Sapita kukawedza. Amapita ndi makamera kukajambula nkhwazi.

Damuli linatseka mtsinje wa Susquehanna pa mtunda wa makilomita pafupifupi 16 kuchokera pamene mtsinjewo umathirira m'nyanja ya Chesapeake Bay. Linatha kumangidwa mu 1928, ndipo ntchito yake ndi yofanana ndi ya Cahora Bassa pa Zambezi: kupanga magetsi. Khoma lake ndi lalitali kuposa kilomita imodzi, ndipo pamwamba pake pamadutsa msewu.

Mbalameyo eni dziko amaitchula bald eagle. Dzinali limamveka ngati likunena za dazi, koma mutu wake uli ndi nthenga zoyera mbee. Ndi mbale wake wa nkhwazi imene asodzi amaidziwa pa nyanja ya Niassa ndi ku Cahora Bassa, koma ya ku America ndi yokulirapo, ndipo pachifuwa pake ndi pakuda. Ikatambasula mapiko imakwana mamita 2. Ana ake amakhala amawangamawanga, ndipo mutu umayera bwino akafika zaka 4 kapena 5.

Chimene chimaziitana ndi nsomba

Kumpoto, kumalire a dziko la Canada, chisanu chikakula mitsinje ndi nyanja zimaundana pamwamba mpaka kulimba ngati mwala. Nkhwazi sizingathe kugwira nsomba, choncho zimatsikira kumwera kufuna madzi otseguka. Kunsi kwa damu madzi saundana msanga chifukwa amathamanga.

Palinso chifukwa china. Madzi akamadutsa m'makina 11 opangira magetsi, amatenga nsomba. Zina zimatuluka zitafa, zina zitakomoka, n'kumayandama. Kwa mbalame yanjala ichi ndi chakudya chosavutikira. Belu lochenjeza likalira kuti madzi atsegulidwa, asodzi amachoka m'mphepete, ojambula nawo amakonzeka. Pa masiku abwino a Novembala ndi Disembala nkhwazi zoposa 100 zimaoneka pamalo amodzi, zina pamiyala, zina m'mitengo, zina pa nsanja zachitsulo zonyamula nthambo za magetsi.

Ntchito yofuna kupirira

Ojambula amandanda kumpanda wa malo otchedwa Fisherman's Park. Wochedwa amapeza malo abwino atatha. Makamera awo amakhala ndi magalasi aatali ngati mkono wa munthu, olemera moti amawaika pa miyendo itatu yachitsulo. Magalasi ena mtengo wake umaposa wa njinga yamoto.

Ngakhale zili choncho, chida chokha sichijambula nkhwazi. Munthu amatha kuima maola atatu, zala zitauma ndi kuzizira, mbalame zili phee pamiyala. Kenaka imodzi imanyamuka, kuzungulira, kutsitsa miyendo ndi kutsomphola nsomba ndi zikhadabo. Zonsezi zimatha m'masekondi ochepa. Kuti mapiko asaoneke mwachimbuuzi, kamera imatcheredwa kuti itsegule ndi kutseka diso lake m'kagawo kamodzi mwa magawo pafupifupi 2,000 a sekondi. Amene anatembenuka kukathira tiyi amangomva anzake akufuula.

Zithunzi zimene zimasiririka kwambiri ndi za mkangano. Nkhwazi ikagwira nsomba, zinzake zimaithamangitsa mpaka itaye, ndipo nthawi zina ina imaiwakha nsombayo isanafike pamadzi. Pamalowo palinso miimba yakuda imene imadziwika ndi khalidwe loipa lojompha mphira wa pa magalasi a galimoto, moti ena amafunditsa galimoto zawo asanapite kumtsinje.

Mbalame imene inatsala pang'ono kutha

Achikulire a ku America amakumbukira nthawi imene munthu ankatha zaka osaona nkhwazi. Mbalameyi ili pa chidindo cha dzikolo kuyambira 1782, koma anthu ankaiombera poiganizira kuti imaba ziweto ndi nsomba. Mu 1940 boma linakhazikitsa lamulo loletsa kuipha. Komabe inapitirira kuchepa, ndipo nthawi ino mdani anali mankhwala.

Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, alimi anayamba kupopera kwambiri mankhwala a DDT pofuna kupha tizilombo. Mvula inkakokolola mankhwalawo kupita nawo m'mitsinje. Ankalowa m'tizilombo ta m'madzi, kuchoka apo m'nsomba, kenaka m'thupi la nkhwazi, ndipo pa sitepe iliyonse ankachulukirachulukira. Nkhwazi zinayamba kuikira mazira a chigoba chopyapyala, amene ankasweka make akamawafungatira. Pofika 1963, m'zigawo 48 za dzikolo, kupatula Alaska ndi Hawaii, munapezeka mabanja 417 okha a nkhwazi okhala ndi zisa.

Mayi wina wasayansi, Rachel Carson, anali atachenjeza za ngoziyi m'buku lake la mu 1962. Mu 1972 boma linaletsa DDT m'minda. Mitengo ya zisa inatetezedwa, ndipo ana a nkhwazi ankatengedwa kumene zinalipo zambiri kukaikidwa kumene zinatha. Mu 2007 mbalameyi inachotsedwa pa mndandanda wa zolengedwa zimene zili pangozi. Lipoti limene boma linatulutsa mu 2021 linati m'zigawo zomwezo muli nkhwazi pafupifupi 316,700.

Vutoli silinali la ku America kokha. Pa nyanja ya Kariba, kumtunda kwa Cahora Bassa pa Zambezi yemweyo, akatswiri anapeza zigoba zopyapyala m'mazira a nkhwazi m'zaka za m'ma 1980, pamene DDT ankagwiritsidwa ntchito polimbana ndi ntchentche za kashembe ku Zimbabwe. Njira yake inali imodzimodzi: kuchoka pamtunda kupita m'madzi, kuchoka m'madzi kupita m'nsomba. Nsomba imene nkhwazi imadya ndi yomweyo imene imafika m'mbale ya ndiwo, ndipo amene amatsukira mapampu opopera thonje kapena fodya mumtsinje amayambitsa ulendo wofananawo.

Ku Conowingo, chakumapeto kwa Januwale nkhwazi za kumpoto zimayamba kubwerera kwawo. Zokhala komweko zimatsala zikutola timitengo tokonzera zisa, pakuti mu Febuluwale zimayamba kuikira. Ojambula amapinda miyendo ya makamera awo, kudikira Novembala wina.