Mbewa, Zitsamba za ku Nyika ndi Mankhwala a Malungo

Boma la Rumphi limaudziwa ukali wa malungo, pakuti matendawa ndi chimodzi mwa zifukwa zimene amishoni a Livingstonia, motsogozedwa ndi Robert Laws, anachokera kunyanja ku Bandawe n'kukamanga ku Khondowe mu 1894. M'boma lomweli muli mapiri a Nyika, odzala ndi zitsamba zamitundumitundu, koma kuti mwa zitsambazi chimene chimaphadi tizilombo ta malungo ndi chiti sizingadziwike ndi umboni wa amene anamwa n'kuchira, chifukwa kutentha thupi kumabwera ndi matenda ambiri ndipo nthawi zina kumatha kokha.

Nchifukwa chake akatswiri amayamba ndi mbewa, osati zija zokumba kudambo, koma zoyera zoleredwa m'labotale. Amazibaya magazi okhala ndi Plasmodium berghei, kachilombo ka malungo a makoswe kamene Ignace Vincke ndi Marcel Lips anakapeza ku Katanga mu 1948, kenako amazigawa m'magulu: zina zimamwetsedwa madzi osungunuliramo mankhwala a chitsambacho kwa masiku 4, zina chloroquine, zina madzi okha. Tsiku lachisanu amatenga kadontho ka magazi kunsonga ya mchira, n'kukapaka pa kagalasi, n'kukathira utoto wa Giemsa, ndipo pa maikulosikopu amawerenga maselo ofiira amene alowedwa ndi kachilomboka, kuti aone ngati chitsambacho chachepetsa tizilombo poyerekeza ndi gulu lomwa madzi okha.

Ntchito yotopetsayi siyenera kunyozedwa, popeza mu 1971 Tu Youyou wa ku China anaona pa mbewa zotere kuti chomera cha Artemisia annua chikupha tizilombo tonse, ndipo m'chomeracho ndi mmene munachokera artemisinin, tsinde la mankhwala a malungo a LA amene Malawi anayamba kuwagwiritsa ntchito mu 2007.

Komabe mbewa si munthu, ndipo kachilombo kake si Plasmodium falciparum amene amapha ana kuno, choncho chitsamba chopambana pa mbewa chimayenera kuyezedwanso ngati sichiwononga chiwindi kapena impso chisanaperekedwe kwa odwala. Mtundu wa Artemisia afra umene umamera m'mapiri a kuno suli ndi artemisinin wochuluka ngati mnzake wa ku China, ndipo mu 2019 bungwe la WHO linakana kuvomereza tiyi wa Artemisia pochiza malungo, poopa kuti mlingo wosakwana ungachititse tizilombo kuyamba kupima mankhwala, vuto lomwe linakakamiza Malawi kusiya chloroquine mu 1993.