Wophunzira za Mankhwala ndi Malungo a ku Vubwi

Mwana wa ku Vubwi amene acita maphunziro apamwamba a mphamvu za mankhwala pa University of Zambia, ku Ridgeway mu Lusaka, ali kutali ndi kwao. Kufika ku Chipata kokha ndi makilomita oposa 500. Mayeso amgwira mu mzinda pamene malungo a dzinja asautsa abale ace.

Mpata wace ndi wa pa chuthi basi. Pamenepo akhala pansi ndi odzipereka a zaumoyo m'midzi, nawafotokozera cifukwa cace Coartem, amene analowa m'malo mwa chloroquine, amwedwa ka 6 m'masiku 3, pamodzi ndi cakudya camafuta monga ndiwo zotendera. Odwala ambiri amaleka thupi likangozizira, nasungira mwana wina mapiritsi otsalawo, tizilombo tikali m'magazi.