Musanapereke Ndalama za Zokolola: Kayesedwe ka Vaneti Yakale

Chaka ndi chaka, zokolola zikangogulitsidwa, timalandira funso limodzimodzi kuchokera kwa amene anaphunzira pano: "Aphunzitsi, ndaona vaneti yakale yotsika mtengo. Kodi ndigule kuti ndiziikonza pang'onopang'ono?" Funsoli ndi lomveka. Mlimi amene anadikirapo m'mbali mwa msewu masiku awiri matimati akuvunda m'mabokosi, kapena amene anapereka phindu lake lonse kwa mwini galimoto kuti matumba afike ku depoti, amadziwa kuwawa kwa kusowa chonyamulira. Koma ife amene timayendera ophunzira athu m'midzi taonanso mbali ina ya nkhaniyi. Taona vaneti itakhazikidwa pamiyala patsinde pa mtengo wa mango, matayala atachotsedwa, nkhuku zikuikira mazira pampando wa dalaivala. Ndalama za nshawa ndi soya za zaka ziwiri zinathera momwemo.

Mmodzi wa ophunzira athu akale anagula vaneti yonyezimira, yopakidwa penti yatsopano, injini yake yolira bwino. Patapita milungu itatu, atasenzetsa chimanga pamsewu wa kumudzi, chasisi inathyoka kumbuyo kwa kabini, pamalo pamene wina anawotchererapo kale napakapo phula lakuda kuti pasaoneke. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Chimene tikufuna kuti musunge m'nkhani ino ndi ichi: zinthu zitatu ndizo zimaweruza galimoto yakale, ndipo ndi mapepala ake, chasisi yake, ndi kupezeka kwa masipeya ake. Zina zonse zingathe kukonzedwa m'kupita kwa nthawi. Koma chimodzi mwa zitatuzi chikalakwika, palibe makanika amene angakubwezereni ndalama zanu.

Yambani ndi ntchito yake

Musanayang'ane galimoto iliyonse, lembani papepala ntchito imene idzagwire. Mudzanyamula matumba angati pachaka? Mudzapita kumsika kangati pamwezi? Msewu wa kwanu umakhala bwanji m'dzinja? Ngati maulendo anu aakulu ndi anayi kapena asanu pachaka, ngolo ya ng'ombe ndi galimoto ya hayala zidzakutumikirani motsika mtengo koposa vaneti yanuyanu, imene imafuna inshuwalansi, msonkho wa pamsewu ndi kuyesedwa ku RTSA ngakhale itagwira ntchito mwezi umodzi wokha. Vaneti imadzilipirira yokha kwa mlimi wa dimba amene amagulitsa mlungu uliwonse, kwa woweta nkhuku, kapena kwa gulu la alimi amene agwirizana kuigwiritsa ntchito pamodzi.

Dziwaninso mphamvu yake. Toyota Hilux kapena Isuzu KB ya kabini imodzi imanyamula pafupifupi tani imodzi, ndiwo matumba 20 a makilogalamu 50. Ya makabini awiri imanyamula ochepera pamenepo. Nissan 1400 yaing'ono ija, imene inkapangidwa ku South Africa mpaka chaka cha 2008, imanyamula pafupifupi theka la tani. Amene amaika matumba 30 pa galimoto ya matumba 20 akudzikonzera yekha tsiku la kuthyoka.

Sankhani mtundu umene masipeya ake ali pafupi. Injini za dizilo za Toyota zotchedwa 2L, 3L ndi 5L, ya Nissan yotchedwa TD27, ndi ya Isuzu yotchedwa 4JA1, ndi zodziwika kwa amakanika ambiri m'dziko muno, ndipo zambiri mwa izo sizidalira kompyuta kuti zilire. Musanagule, lowani m'masitolo awiri kapena atatu a masipeya ku Chipata, ku Katete kapena m'tauni imene ili pafupi nanu, mufunse mtengo wa kilachi, pampu ya madzi ndi gasiketi ya mutu wa injini za galimoto imeneyo. Akakuuzani kuti ziyenera kuitanitsidwa kunja, dziwani kuti galimotoyo idzagona miyezi pa vuto la tsiku limodzi.

Mapepala choyamba

Musatsegule boneti musanaone buku la umwini, limene tonse timalitcha white book. Dzina lolembedwamo lifanane ndi la pa NRC ya wogulitsa. Nambala ya chasisi ndi ya injini zolembedwa m'bukumo zifanane ndi zimene zinadindidwa pachitsulo penipeni. Pukutani matope, muwerenge nokha chilembo chilichonse. Mukaona kuti pamalo pa nambala panapalidwa kapena panawotchereredwa, tsanzikani mwaulemu ndi kubwerera kwanu.

Wogulitsa akati buku linatayika, kapena liri kwa m'bale wake ku Lusaka, muuzeni kuti mudzabwera likapezeka. Nthawi zina bukulo limakhala m'manja mwa amene anamukongoza ndalama. Ngati mwini wake anamwalira, gulani kwa munthu yekhayo amene anasankhidwa mwalamulo kuyang'anira chuma cha masiye, kuopa kulowa m'mikangano ya banja la eni. Pitani naye wogulitsayo kwa apolisi kuti atsimikize kuti galimoto si yobedwa, ndiponso ku RTSA kukafunsa ngati palibe ngongole ya msonkho ndi kukasintha dzina. Lembani kalata yogulitsirana pamaso pa mboni. Wogulitsa woona mtima sakana ulendo umenewu.

Gonani pansi pake

Tengani tochi, nyundo yaing'ono, maginito ndi thumba loyala pansi, ndipo mupite ndi makanika amene mwamusankha inu, osati mnzake wa wogulitsa. Chasisi ndiyo msana wa vaneti: mitanda iwiri ya chitsulo imene imasenza injini, kabini ndi katundu yense. Igogodeni ndi nyundo kuyambira kutsogolo mpaka kumbuyo. Chitsulo chabwino chimalira mowala, chodyedwa ndi dzimbiri chimalira mogonthera ndipo chimayoyoka. Onetsetsani kwambiri pamene masipuling'i akumbuyo amangiriridwa, pakati pa kabini ndi bodi, ndi m'kati mwa mitanda mmene matope amakhazikika nasunga chinyezi. Dzimbiri la pamwamba limachoka ndi burashi ya waya. Bowo, mng'alu, kapena chigamba chowotcherera pamalo osenza katundu ndi chifukwa chokwanira chosiyira galimotoyo.

Imani patali pang'ono muione kuchokera kumbuyo pamalo osalala. Ikapendekera mbali imodzi, kapena mpata wa pakati pa kabini ndi bodi ukakhala waukulu m'munsi koma wopanikizika m'mwamba, ndiye kuti msana unapindika ndi katundu kapena ngozi. Kwezani mphasa za m'kabini muone pansi. Yang'anani pansi pa bodi, pakuti fataleza wotayikira amadya chitsulo msanga. Yendetsani maginito m'zitseko ndi m'mbali: pamene sakugwira ndi pamene anamata phala lobisa mabala asanapake penti.

Injini ipezeke yozizira

Ogulitsa ambiri amaitana ogula pa Sabata chifukwa ndi tsiku limene iwo ali ndi mpata. Ife tsiku limenelo sitichita malonda. Pemphani kubwera pa Sondo kapena m'kati mwa mlungu, m'mamawa, ndipo munene kuti injini isalizidwe musanafike. Mukafika, ikhudzeni ndi dzanja. Injini yotha imavuta kulira ikazizira, koma ikatenthetsedwa kale imabisa matenda ake.

Isanalire, tsegulani chivundikiro cha oilo. Mukaona zoyera ngati mkaka wosasa, madzi akulowa mu oilo. Tsegulaninso chivundikiro cha rediyeta, injini ikadali yozizira, pakuti ikatentha madzi ake angakupsereni nkhope. Madzi a dzimbiri akusonyeza kusasamalidwa. Injini ikalira, yang'anani m'madzimo: thovu lotuluka mosalekeza likutanthauza kuti gasiketi yapsa kapena mutu wa injini wang'aluka, vuto limene limabwera injini ikatenthetsedwa mopitirira.

Utsi nawo umalankhula. Wobiriwira ngati thambo umasonyeza kuti oilo akupsa, kawirikawiri chifukwa maring'i atha. Wakuda umasonyeza dizilo wosapsa bwino, ndipo nthawi zambiri chifukwa chake ndi sefa ya mpweya yotsekeka kapena manozo otha. Woyera pang'ono m'mawa wozizira si woopsa, koma ukapitirira injini itatentha, pali vuto lalikulu. Masulani chivundikiro cha oilo muchisiye pamalo pake injini ikulira: chikamavina ndi kukankhidwa ndi mpweya wautsi, injiniyo ifunika kutsegulidwa.

Funsani za lamba wa taimingi. Injini za Toyota tatchula zija zimayendera lamba amene ayenera kusinthidwa pa makilomita pafupifupi 100,000. Akaduka muli paulendo, mapisitoni amagunda mavalavu ndipo kukonza kwake kumadya ndalama zambiri. Popanda umboni wa tsiku limene anasinthidwa, muwerengereni pa zinthu zoyamba kugula. TD27 ilibe nkhawa imeneyi chifukwa imayendera magiya. Makilomita olembedwa pa wotchi musawakhulupirire kwambiri, pakuti amabwezedwa m'mbuyo. Mapedulo osalala ndi chiwongolero chonyezimira ndi kutha zimanena zaka zoona.

Iyendetseni pamsewu wonga wa kwanu

Yesani kilachi motere: kokani handibuleki, ikani giya yachitatu, ndipo mutule phazi pang'onopang'ono. Injini iyenera kuzima. Ikapitiriza kulira, kilachi yatha. Pamsewu, lowetsani magiya onse, ndipo potsika mtunda chotsani phazi pamafuta muone ngati giya ikutuluka yokha. Mverani kulira kochokera ku difu. Pondani mabuleki pamalo opanda anthu muone ngati ikukokera mbali imodzi. Ngati ili ya mawilo anayi okoka, yesani zimenezo pa dothi. Yendani mphindi zosachepera 30, maso ali pa muvi wa kutentha, kenaka muimike pamalo oyera muone chimene chikudontha. Pa tayala lililonse pali manambala anayi otsiriza osonyeza mlungu ndi chaka chimene linapangidwa. Tayala lakale lokhala ndi ming'alu ndi loopsa ngakhale mano ake akuoneka.

Khalani pansi muwerengere

Ambuye wathu, pa Luka 14, anachenjeza za kuyamba chimango munthu asanadziwe ngati angachitsirize. Vaneti yokonza ndi chimango chotero. Lembani vuto lililonse limene mwapeza, muike mtengo wa sipeya ndi wa makanika pambali pake, ndipo muwonjezere gawo limodzi mwa magawo atatu chifukwa cha zobisika zimene zidzaoneka mukatsegula. Uphungu wathu ndi wakuti mtengo wogulira usapitirire theka la ndalama zimene mwapatulira galimoto. Theka linalo ndi la kukonza ndi mapepala. Ndalama zimenezi zikhale zotsala mutachotsa chakhumi, chakudya cha banja, za sukulu za ana, ndi za mbewu ndi fataleza za nyengo ikudzayi. Munda ndiwo udzadyetsa vaneti, choncho musaphe munda kuti mugule vaneti. Mukambiranenso ndi a m'nyumba mwanu, pakuti zokololazo munalima pamodzi.

Mukagula, konzani motsata dongosolo ili: mabuleki, chiwongolero ndi matayala poyamba, popeza ndizo zisunga moyo wanu ndi wa oyenda pansi. Kenaka rediyeta, mapaipi a madzi, lamba wa taimingi, oilo ndi masefa onse. Pambuyo pake magetsi ndi masipuling'i. Penti ikhale yotsiriza. Musamasule zonse nthawi imodzi, chifukwa galimoto yomwazidwa pabwalo kawirikawiri siibwereranso pamsewu. Malizani ntchito imodzi musanayambe ina, sungani mabawuti m'zitini zolembedwa, ndipo mukhale ndi kabuku kolembamo tsiku, sipeya ndi mtengo, monga mmene timalembera za m'munda.

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Wogulitsa akakuuzani kuti pali wina amene akubwera ndi ndalama madzulo, musiyeni winayo agule. Mavaneti akale sadzatha m'dziko muno, koma zokolola za chaka chino sizibweranso kachiwiri. Amene mwapeza galimoto ndipo mukukayika, bwerani ku shedi ya mathirakitala ndi pepala lanu la mitengo ndi zithunzi za pansi pa chasisi, tidzaone pamodzi musanapereke ngwee ndi imodzi yomwe.