Nsapato za Misomali ndi Nsapato za Gogoda

Lero tikamba za nsapato za mitundu iwiri: za misomali zimene othamanga amabvala pa mpikisano, ndi za cidendene cacitali zimene ambiri amazicha gogoda. Poziona sizifanana konse, koma zonse ziwiri zimakankhira kulemera kwa thupi kutsogolo kwa phazi, pafupi ndi zala.

Tayesani ici. Imirirani, mukweze zidendene, ndipo muwerenge kufika 30. Kodi mwamva kulema pansi pa zala ndi kumbuyo kwa miyendo? Umu ndi mmene phazi limabvutikira m'nsapato zoterezi. Cifukwa cace tiyenera kuzisankha mosamala.

Tiyambe ndi za misomali. Coyamba, ganizirani mtunda. Wothamanga mamita 100, 200 kapena 400 amaponda ndi kutsogolo kwa phazi, motero nsapato yace ndi youma kunsi ndipo ilibe cofewa ku cidendene. Mtunda wa mamita 400 tiudziwa bwino m'Zambia: Samuel Matete anapambana dziko lonse pa liwiro lolumpha zopinga ku Tokyo mu 1991, ndipo Muzala Samukonga anali wacitatu pa masewera a Olympic ku Paris mu 2024. Koma wothamanga mamita 1,500 kapena 5,000 afunika nsapato yopindika, yokhala ndi cofewa pang'ono ku cidendene.

Caciwiri, ganizirani bwalo. Pa bwalo la mphira, monga la National Heroes Stadium mu Lusaka, misomali ya mamilimita 6 ndi yokwanira, ndipo malamulo salola othamanga kupitirira mamilimita 9. Pa udzu wonyowa pafunika yotalikirapo. Pa nthaka youma gwa, misomali silowa, ndipo imangopweteka phazi. Pa simenti musayendepo nazo, cifukwa mungaterereke.

Cacitatu, nsapato ikhale yokukwanani. Igwire phazi bwino, koma isapinde zala. Yesani mapazi onse awiri, makamaka madzulo, pakuti phazi limatupako tsiku likamapita. Musabwereke nsapato yaing'ono cabe cifukwa ndi yokongola: cikomekome ca mkuyu, mkati muli nyerere. Nsapato yatsopano iyambeni kubvala masiku angapo mpikisano usanafike, kuti isakutulutseni matuza pa tsiku lenileni.

Ngati makolo anu alibe ndalama zogulira nsapatozi, musataye mtima. Abebe Bikila wa ku Ethiopia anapambana liwiro la makilomita 42 ku Rome mu 1960 alibe nsapato. Mu 1964 ku Tokyo anapambananso atabvala nsapato. Mphamvu inali m'kukonzekera kwace. Inu aphunzitsi, ana asanathamange opanda nsapato, yendani nao m'bwalo mutole minga, miyala ndi magalasi osweka.

Tsopano za gogoda. Izi ndi za akulu, si za ana ai, pakuti mafupa a mapazi anu akali kukula. Kwa inu aphunzitsi amene mumaimirira tsiku lonse, cidendene cacifupi ndi cotambalala ndico cabwino. Cacitali ndi cosongoka cimagwedera, ndipo mungabzungunyuke mwendo. Poyenda, pondani cidendene coyamba, zala pambuyo. Musatanyule kwambiri, wongolani msana, ndipo yang'anani kutsogolo. Pokwera masitepe, gwirani cogwirira. Ngati njira ya kusukulu ndi ya mcenga kapena miyala, yendani ndi nsapato zafulati, gogoda munyamule m'cola. Madzulo bvulani, muongole minofu ya kumbuyo kwa miyendo, cifukwa cidendene cikakhala m'mwamba masiku onse minofuyo imaumirira.

Nchito ya lero ndi iyi: aliyense aponde pa pepala, mnzace ajambule mapazi ace onse awiri, ndipo muwapime ndi rula. Kodi ndi ofanana utali? Ambiri mupeza kuti limodzi ndi lalikulupo. Limenelo ndilo muzipimira pogula nsapato. Tsalani bwino.