Nkhope Isamire mu Mthunzi

Tonse tinaonapo chithunzi chotere. Mwambo wa omaliza maphunziro watha, dzuwa lili paliwombo, mnzathu waima ndi mayi ake pansi pa mtengo, wina n'kuwajambula ndi foni. Pochiona, thambo layera mbee, malaya oyera akuthobwa m'maso, koma nkhope zili bii, mano okha ndi amene akuoneka. Tsiku lotere silibwera kawiri, ndipo mayi aja akufuna chithunzi choti akapachike pakhoma kumudzi. Ambirife timangokokera Brightness m'mwamba. Mapeto ake malaya amasanduka chigamba chopanda mabatani, nkhope n'kutuwa mbuu ngati ya munthu wochokera kuchigayo.

Vutoli limayambira pa kusiyana kwa diso ndi kamera. Diso limasintha lokha tikamayang'ana uku ndi uku, n'chifukwa chake timatha kuona munthu wokhala pamthunzi pamodzi ndi bwalo lowala kumbuyo kwake. Kamera simakwanitsa kusunga mdima ndi kuwala kotalikirana chonchi pa chithunzi chimodzi. Ikaona zoyera zambiri imachepetsa kuwala kolowa, ndipo choyamba kumira ndi khungu lakuda.

Chithunzi cha pafoni chimapangidwa ndi timadontho mamiliyoni. Mu JPEG, kadontho kalikonse kali ndi mitundu itatu, wofiira, wobiriwira ndi wabuluu, ndipo mtundu uliwonse uli ndi masitepe 256, kuyambira 0 mpaka 255. Yonse itatu ikakhala pa 0 ndiye kuda bii, ikafika pa 255 ndiye kuyera mbee. Pamalo pamene pafika pa 255 palibenso chotsala choti tibweze. Brightness imakweza pafupifupi chithunzi chonse pamodzi, choncho zimene zinali pafupi ndi 255 zimapitirira n'kutayika. Kuti tidziwe pamene tili, timayang'ana histogram, kagirafu kooneka ngati mapiri: kumanzere ndi mdima, kumanja ndi kuwala. Phiri likatsamira khoma la kumanja, tadziwa kuti zoyera zapserera.

Njira yabwino ndi kukonza mdima pawokha, kuwalanso pakokha. Mu Snapseed, pulogalamu yaulere ya Google, timatsegula Tune Image. Tiyambe ndi kutsitsa Highlights mpaka makwinya a malaya ataonekanso. Kenako tikweze Shadows pang'onopang'ono mpaka maso ndi masaya zitatuluka mumdima. Apa chithunzi chimaoneka chozizira ngati ndiwo zopanda mchere, ndiye timawonjezera Contrast pang'ono chabe. Ngati nkhope idakali yakuda kuposa mmene munthuyo alili, chida cha Selective chimatilola kuika kadontho pankhope pomwepo n'kuwalitsa malo okhawo, thambo osalikhudza. Pa kompyuta, GIMP nayo ndi yaulere: pansi pa Colors pali Shadows-Highlights komanso Curves zogwira ntchito yomweyi.

Tikatero tichikuze chithunzicho n'kuyang'anitsitsa. Mthunzi ukakwezedwa mopyola muyezo pamatuluka timadontho tonga mchenga, chifukwa kamera inalandira kuwala kochepa pamalopo. Tikaona mchengawo tibwerere m'mbuyo. Tisamafufutenso chithunzi choyambirira. Tizisunga chokonzacho ngati china chapadera.

Koma kodi tilekezere pati? Funsoli lili ndi mbiri yake. Kuyambira m'ma 1950, malo otsukira zithunzi ankayezera makina awo pa khadi la kampani ya Kodak lotchedwa Shirley, lomwe linali ndi chithunzi cha mayi wachizungu. Khungu lake ndilo linali muyezo, ndipo anthu akuda ankatuluka ngati mithunzi. Khadi la kampaniyi lokhala ndi amayi atatu a khungu losiyana linabwera m'ma 1990. Choncho kukweza mthunzi pankhope ya mnzathu n'kubweza zimene kamera inalephera kuona. Koma chala chomwecho chikapitirira pang'ono, timayamba kumuyeretsa khungu, ngati mafuta aja ogulitsidwa pamsika.

Ife amene tikuphunzira zauphunzitsi nkhaniyi ikutikhudza kwambiri. Posachedwapa tipita kukayesa kuphunzitsa, ndipo sukulu ndi makolo akalola tidzajambula ana athu a m'kalasi. Mwana akaona kuti chithunzi chake chikuyamikiridwa chifukwa aphunzitsi amuyeretsa, waphunzira phunziro limene silinali pa ndandanda, ndipo n'lovuta kulifufuta. Muyezo wathu ukhale wosavuta: tiike foni pambali pa munthuyo, khungu la pachithunzi lifanane ndi limene tikuliona ndi maso.

Ntchito imachepa tikasamala pojambula. Timuimike munthu pamthunzi atayang'ana kumene kukuchokera kuwala, dzuwa lisakhale kumbuyo kwake. Tigunde nkhope yake pagalasi la foni kuti kamera iyezere kuwala pamenepo. M'mawa ndi chakumadzulo kuwala kumakhala kofewa kusiyana ndi masana. Potumiza pa WhatsApp tisankhe Document, chifukwa njira yanthawi zonse imachepetsa chithunzi n'kutaya zina zimene tikanafuna pokonza.

Mayi aja akalandira chithunzi sadzafunsa za histogram. Adzachiyandikiza kumaso, n'kufufuza ngati amene ali pamenepo ndi mwana wawo mmene amamudziwira.